Ndudu ya Ulusi Wakuda

Kwa Zulu, Mchinji
14 Julayi 2024

Wokondedwa mwana wanga Stelia,

Ndisanatsegule nkhani, ndiyambe ndafunsa za moyo. Uli bwanji kumeneko ku Maputo? Ali bwanji amuna ako a Greyson, ndi kamdzukulu kanga Alinafe kamene ndimangokaona m'foni ya amayi ako? Ndamva kuti mano ake akutsogolo aguluka. Umuuze kuti agogo akenso aguluka awiri, kungoti awo sadzameranso.

Kuno tili bwino ndithu. Kuzizira kwa chaka chino kwandilowa m'mabondo, komabe kudimba ndikupita ndekha, popanda ndodo. Amayi ako ali gwa. Mtedza tinakumba, chimanga chili m'nkhokwe, ndipo mbuzi yamawanga ija yaswa ana awiri.

Dzanja ukulionali ndi la amayi ako, koma mawu ndi anga. Ukudziwa kuti ine pakhomo pa sukulu ndinkangodutsapo popita kubusa. Ndawauza kuti alembe chilichonse monga chikutulukira m'kamwa mwangamu, ngakhale ndikafika powanena iwowo. Tikamaliza ndipita nayo kalatayi kwa a Abudu a golosale ku Kamwendo kuti akandiwerengere, ndione ngati sanadumphe pena.

Foni ndakana. Pa foni umandidula mawu, pamene nkhani iyi ndikufuna ndiiyankhule kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Aleck, dalaivala wa thiraki uja, anafika ndi kabokosi kako masabata awiri apitawo. Anandiuza kuti ndikalandire ndi manja awiri, chifukwa ndudu imodzi ya m'menemo ndi mtengo wa mbuzi. Ndinamufunsa ngati nduduyo imaswanso. Anati ayi. Ndinati basi mbuzi ikadali patsogolo.

Nditatsegula ndinapeza ndudu zikuluzikulu zisanu ndi imodzi, zopanda pepala, tsamba lokhalokha. Ziwiri zomangidwa ulusi wofiira, ziwiri woyera, ziwiri wakuda. Fungo lake linadzaza nyumba mpaka amayi ako anatsegula zenera.

Kakalata kako anandiwerengera kawiri. Unati mitundu iwiri ndi ya kutsidya kwa nyanja, wina wa ku Cuba, wina wa dziko limene dzina lake latikanika tonse, ndipo mtundu umodzi unapichira ndiwe. Unati wachotsa timapepala ta mayina kuti pasapezeke wondinong'oneza. Unati ndisute, ndiziike m'magiredi monga ndinkachitira ku esiteti. Yako ikakhala yomaliza, sudzandivutitsanso za mbewu. Ikapanda kukhala yomaliza, ndiganizenso.

Za mbewuyo tonse tikudziwa pamene tinasiyanirana. Khirisimasi ija unabwera, unandipempha mbewu ya fodya wa chikopa chakuda imene atate anga anabwera nayo kuchokera ku Phalombe, pamodzi ndi masamba pang'ono oti ukayesere kuntchito kwako kopichira ndudu. Ine ndinakuyankha pamaso pa amuna ako kuti fodya wanga sapita kwa anthu opichira. Ndinati kupichira si ntchito, chidakwa chimapichira ndi dzanja limodzi linalo lili pa chipanda.

Unangonyamuka n'kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale. Zaka zitatu zatha tsopano, moni wako amandipeza kudzera mwa amayi ako, ngati mvula yongodontha kuchokera padenga la eni.

Tsono khala pansi umve zimene ndinachita ndi mphatso yako.

Ine ndasankha fodya zaka 46, ndipo fodya wobisala m'malaya sindinamuikepo giredi. Belo likakongola pamwamba ndinkalipisa dzanja mpaka pakati, chifukwa matenanti tonse, ndi ine ndemwe, tinkadziwa kumene tsamba loipa limagona. Ndiye iwe umati ndingoyatsa chinthu ndisanaone m'mimba mwake?

Ndinatenga ndudu zitatu, ulusi uliwonse imodzi. Ndinazikulunga m'masamba a nthochi n'kuziika m'dzenje lathu lofewetsera fodya kuseri kwa balani yofukizira fodya. M'mawa mwake, mame asanakamuke, ndinayala thumba loyera pa benchi losankhira, ndinatenga lezala, n'kuyamba kuzivula imodziimodzi.

Inde mwana wanga, ndinasenda mbuzi zitatu. Amayi ako atandipeza anagwira pakamwa. Anati mwana watumiza mphatso kuchokera kutali, ine ndaisandutsa mfutso. Ndinawauza kuti apite akaone nkhuku, pano pali anthu akugwira ntchito.

Ndinapeza kuti iliyonse inamangidwa patatu. Kunja kuli tsamba limodzi lopyapyala, limenelo ine ndalitcha malaya. Pansi pake pali lina lolimba logwira zonse, ndiye lamba. M'kati muli matumbo, masamba atatu kapena anayi opindidwa m'litali, osadula, kuti mpweya uzipeza njira. Kaya kwanuko mumazitcha chiyani, koma ukundimva.

Ndinayamba ndi yofiira. Malaya ake ndinawaunika padzuwa. Panalibe bowo, panalibe banga, ndipo mitsempha yake inali yaing'ono ngati ya pa chikope cha khanda. Ndinawakoka pang'ono, anatamuka osang'ambika. Ndinavula chipewa. Amene analima tsamba limenelo, kaya ali kuti, kaya amayankhula chinenero chanji, ndi mlimi mnzanga.

Yoyera inali yokongola kunja, koma m'matumbo mwake ndinapezamo tsamba la mawanga obiriwira, lothyoledwa lisanakhwime. Ku esiteti tenanti akanandibweretsera limenelo ndikanamubweza nalo ulendo womwewo. Ndinaseka ndekha pa benchipo. Kani kumaiko a eni nakonso kuli anthu othamangira kuthyola.

Kenako ndinafika pa yakuda.

Nditangomasula lamba, mphuno inandiuza maso asanaone. Utsi wa zitsononkho ndi nkhuni za msuku. Kuno konse amene amafukiza chikopa ndi zitsononkho ndine ndekha, ndipo anzanga akhala akundiseka nazo chiyambire. Pakati penipeni panali theka la tsamba lakuda, lonenepa, lamafuta. Nditalitambasula ndinaona tizipsera titatu ta matalala, aja anagwa mu Febuluwale chaka chatha n'kundiboolera mizere ya kumunsi.

Linali tsamba langa. Ndinalidziwa monga ndinkadziwira phazi lako m'matope a kudimba uli wamng'ono.

Pamenepo mutu unayamba kulumikiza zinthu. Chaka chatha m'balani munasowa timitolo tinayi. Ndinanamizira makoswe kuti akukamangira zisa. Ndinayenda wapansi mpaka ku Kamwendo kukapempha mphaka kwa a Abudu, ndipo mphakayo wadya usipa wanga chaka chathunthu, akulondera khoswe wovala chitenje.

Lembani, amayi a Stelia, musaime. Khosweyo ndi amene wagwira cholemberayu. Pano akuseka mpaka misozi, ndiye ukaona zilembo zapotoka pamenepa udziwe chifukwa chake. Akuti iwo anangopatsa Aleck kaphukusi ka masamba a nkhwani, za fodya sakuzidziwa. Ndawafunsa kuti nkhwani unayamba liti kufukizidwa m'balani, ayankha kuti ndizipitiriza nkhani, pepala likuwadikira.

Tsono mayeso ako anali atawonongeka, poti ndinali nditadziwa kuti yakuda ndi yako. Ndipo ndikuuze zoona, ndinapsa mtima. Ndinati anthu awiriwa andidutsa kumbuyo ngati ndine chitsa, ndiwaonetsa. Ndinatsimikiza kuti ndudu yakuda ndiyiika kumchira ndisanaiyatse n'komwe, kuti nkhani ya mbewu ithere pomwepo.

Koma sindinafune kuti wina adzanene kuti ndinaweruza ndekha. Loweruka masana ndinaitana mboni ziwiri. Woyamba a Abudu, amene sasuta, koma mphuno yawo imadziwa tiyi wogonera ali m'paketi. Wachiwiri a Elias, kapitawo wathu wakale uja.

A Elias ukuwakumbuka. Ndi aja akhala zaka zonsezi akulalikira kuti chikopa changa ndi fodya wa m'mphuno wa nkhalamba, kuti munthu wanzeru amalima fodya wa bale. Chiyambire sanalawepo tsamba langa, akuti sangadetse m'kamwa. Sindinawauze kuti zinazo ndatsegula. Ndinangoti mwana watumiza za kunja ndi yake imodzi, tiyeni timuthandize kulawa.

Tinakhala pansi pa mango aja. Amayi ako anatiikira tiyi wopanda shuga wotsukira m'kamwa, monga unalembera, n'kukakhala pakhonde ndi lichero la mtedza. Ndinafotokoza malamulo ako: kudula kumutu pang'ono pokha, kuyatsa mosathamanga, ndi kusameza utsi.

A Elias anati iwo anayamba kusuta Stelia asanabadwe, sangaphunzitsidwe ndi mwana amene ankamuona akuyenda wopanda kabudula. Anatenga yoyera, anaiyatsa, n'kukoka mpaka m'chifuwa ngati chingambwe. Anatsokomola mpaka chipewa chinagwa, nkhuku zonse kuthawira kuseri. A Abudu anawasisita pamsana, n'kuwafunsa mwaulemu ngati tiitane kabaza wa kuchipatala kapena tingopita kwa kalipentala. Atapeza mpweya a Elias anati sichinali chifuwa, anangotsamwa malovu.

Titakhazikika tinayamba kulawa bwinobwino, kupatsirana awiri, a Abudu akununkhiza utsi chapatali.

Yoyera inayamba bwino. Utsi wake unali wofewa, wonunkhira ngati udzu wofolera ukagwidwa ndi mvula yoyamba. Koma itafika pakati inayamba kuluma nsonga ya lilime. Ine ndinadziwa kuti moto wafika pa tsamba losakhwima lija, koma sindinaulule. A Elias analavula, nati imeneyi ndiye ya Stelia, ikuchita kuoneka kuti ndi ya wophunzira kumene. Anati ndisadandaule, mwana wamkazi wayesetsa.

Mawu amenewo anandibaya, ngakhale kuti amene anabwera kudzakugwetsa ndinali ine. Mwana wanga ndikhoza kumunyoza ndekha, osati Elias.

Yofiira inayaka mozungulira bwino ngati mphete. Phulusa lake linali loyera, logwirana, ndipo linatalika kufika chala changa chachikulu osagwa. A Abudu anachita kuika chala chawo pambali kuyeza, n'kutiletsa kupuma mwamphamvu. M'kamwa inayamba ngati mtedza wokazinga, kenako ngati thabwa la mkungudza longopala kumene, pomaliza katsabola pang'ono kuseri kwa mphuno. Sinakwiye mpaka pamene tinaisiya. A Elias anati ndi yabwino, koma yaulemu kwambiri, ngati mlendo wodya mwamanyazi.

Dzuwa litapendeka tinayatsa yakuda. Mawu oigwetsera ndinali nditawakonza kale, ali pa lilime. Ndinakoka kamodzi.

Stelia, ndinamva balani yanga. Ndinaona atate anga atakhala pakhomo pake akukankhira zitsononkho pamoto ndi phazi. Koma sanali fodya wanga monga ndimamudziwira. Ukali wake uja wokwapula pakhosi unali utagona pansi, kunatsala kutsekemera kwakuya ngati kwa mbatata yootcha imene yapserera pang'ono khungu. Masamba ena aja unawaika m'mbali mwake anamugwira monga ng'ombe yofatsa imagwirira yaukali zikakhala m'goli limodzi. Zaka zonsezi ndakhala ndikulima tsamba limeneli, osadziwa kuti lingayankhule chonchi.

Ndinapatsira a Elias ndisanatsegule pakamwa. Anakoka, ulendo uno mwanzeru. Anatseka maso. Anakokanso. Kenako anamenya bondo, nati Cuba ndi ameneyu. Anandiyang'ana nati Kefasi nunkhiza bwino, uyu ndiye fodya, osati zinyalala zako zofukiza ndi zitsononkho. Anati dothi la kuno silingabale tsamba lotere, ndipo ine ngakhale nditabadwa kawiri sindingalilime.

Taona pamene ndinapanikizika, mwana wanga. Ndikati ndudu iyi ndi yoipa, ndiye kuti ndanyoza tsamba langa ndi mbewu ya atate anga pamaso pa Elias. Ndikati tsambali ndi langa, ndiye kuti ndavomera kuti iwe ndi khoswe uja munalasa. Uku minga, uku minga.

Amayi ako anali pakhonde pomwe paja, osayang'ana kuno, koma mtedza unali utasiya kulira m'manja mwawo.

Ndinayeza zinthu ziwirizo mumtima. Ndinapeza kuti kugonjera mwana wanga n'kopepuka kusiyana ndi kumusiya Elias apite kwawo asanalape.

Ndinawafunsa a Elias, mofatsa, ngati angabwereze mawu awo kuti a Abudu amve bwino. Anabwereza. Ndinati mwina tiyi wawasokoneza, alawenso. Analawanso, nawonjezera kuti tsamba ili linalimidwa ndi munthu wophunzira, wa madigiri, osati ife ongopalasa. Ndinafunsa ngati angathe kunena zomwezo Lamulungu pabwalo la tchalitchi. Anati angazinene ngakhale pa wailesi.

Basi ndinanyamuka, osathamanga. Ndinakatenga theka la tsamba lija ndinalichotsa mu ndudu inayo, ndi kamtolo kamodzi ka m'balani. Ndinaziika pa mabondo awo. Ndinati akapitawo, nunkhizani ichi, nunkhizani ichi. Ndinawaonetsa tizipsera ta matalala uku ndi uku. Ndinati wa madigiri uja ndi amene waima pamaso panuyu, wopichirayo ndi mwana wamkazi amene wayesetsa uja.

A Elias ananunkhiza nthawi yaitali. Anayang'ana tsamba, anayang'ana ine, anayang'ana kumwamba ngati m'mango muli yankho. Pomaliza anati n'kutheka kuti mbewu ya atate anga inachokera ku Cuba. A Abudu anaseka mpaka kugwira mtengo, nati zoona, Cuba ali kuseri kwa phiri la Michesi, ukangodutsa Phalombe pang'ono.

Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Sindikumbuka kuti ndinasekapo chonchi liti. Amayi ako analulutira pakhonde, kenako n'kunamizira kuti akuthamangitsa kabawi.

Pochoka, a Elias anandikokera pambali n'kunong'ona kuti ndiwagawireko kamtolo kamodzi. Ndinati pepani akapitawo, ameneyu ndi fodya wa m'mphuno wa nkhalamba, angakudetseni m'kamwa. Ndinawapatsa tsamba limodzi lokha, kuti azinunkhiza akamaganiza za machimo awo.

A Abudu pakamwa pawo palibe chitseko. Tsiku la msika lisanathe, Kamwendo yense anali atamva. Pano ndikamadutsa, a kabaza ndi amayi ogulitsa tomato akundiitana kuti a Cuba. Ndimachita ngati ndakwiya, koma ndimayankha.

Tsono nawa magiredi ako. Yoyera ndi yomaliza, pamenepo palibe mkangano. A Elias akuti yakuda ndi yoyamba, mphuno ya a Abudu ikutinso yakuda. Koma wosankha fodya pano ndine, ndipo ine ndikuti yoyamba ndi yofiira, yako ndi yachiwiri.

Usakwinye nkhope, ndikukuona ngakhale uli kutali. M'kamwa yako yaposa zonse. Koma pamoto yofiira yakusiya. Yako inayaka mopendekera mbali imodzi, ndipo nditaona m'mene unagonekera masamba mu inzake ija ndinadziwa chifukwa: tsamba langa ndi lonenepa, limayaka mochedwa, ndiye likangotsamira pambali pang'ono moto umalithawa. Chinanso, tsambalo linali la chaka chimodzi chokha, limafunika ligone zaka zina ziwiri. Ndiponso wakuba wako anali pa changu, anatola za pafupi ndi khomo. Zabwino zenizeni zimakhala pamwamba, pamene munthu wamfupi safika.

Amayi ako akuti ndisawanene za msinkhu, makwerero ndinabisa ndine.

Malaya a ndudu yako nawonso si akuno, ndinaona. Koma andikumbutsa kanthu. Mizere iwiri ya pafupi ndi mango aja, imene imakhala pamthunzi, chaka chilichonse imabala masamba opyapyala, aakulu, osalala. Ndakhala ndikuwatukwana n'kuwaponya ku giredi yotsika chifukwa salemera pa sikelo. Kawiri konse ndinanola nkhwangwa kuti ndidule mtengowo, amayi ako n'kundiletsa. Ndawatenga otsala n'kuwaika pambali pa malaya a yofiira. Sanafike, koma ndi pachibale.

Chatsala ndi chimene chandichititsa kulemba. Ndapempha amayi ako kuti apa alembe ndi zilembo zing'onozing'ono, akana.

Alendo atapita ndinatsala ndi masamba a ndudu zitatu ndinavula zija. Ndinati palibe chovuta, ndizibwezera m'mene zinalili, mwana asadzadziwe n'komwe kuti ndinasenda mbuzi zake. Ndinafewetsanso masamba, ndinapala kathabwa, ndinaphika kaphala ka chinangwa komatira. Ndinauza amayi ako kuti pofika nthawi ya tiyi ndikhala nditamaliza.

Ndinakhala pa benchipo masiku atatu.

Yoyamba inatuluka yolobodoka ngati mphasa yokulunga mwana. Nditaiyatsa inapsa ngati udzu, kutsala pang'ono kundiwaula ndevu. Yachiwiri ndinaimanga zolimba, ndiye inakana mpweya. Ndinakoka mpaka m'makutu kulira, utsi osabwera. Malaya okongola a yofiira aja, amene ndinawavulira chipewa, ndinawang'amba ndi zala zangazi. Pamenepo ndinaona ngati ndapondera mnzanga uja mbewu m'munda mwake.

Ndi zotsala ndinapanga yachitatu. Ili pano pa tebulo. Ikuoneka ngati chinangwa chokumbidwa pa miyala. Mphaka uja anainunkhiza n'kuchokapo.

Stelia, manja amene asankha fodya zaka 46 alephera chinthu chimene ndinati chidakwa chimachita ndi dzanja limodzi. Ndiye ndinayamba kuganiza za manja ako. Ndiwe unkakhala nane pa benchi ili uli ndi zaka zisanu ndi zitatu, ukusiyanitsa masamba osalakwitsa, pamene achimwene ako a Felix ankathawira ku mpira. Ndinkadzitama nawe kwa matenanti onse. Koma utatenga zimene ndinakuphunzitsa n'kupita nazo pamene ine sindinafike, ndinakutcha mlesi.

Mawu aja ndinalakwa, mwana wanga. Ndawabweza. Ndinawanena pamaso pa amuna ako, choncho uwawerengere a Greyson kalatayi, kuti amene anamva popita amvenso pobwerera.

Amayi ako aika cholembera pansi, akuti akufuna aone kaye kunja ngati dzuwa latulukira kumadzulo. Ndawauza kuti atole msanga, mawu amenewa sindiwanena kawiri.

Mbewu ndi yako. Ili m'botolo lomwe lija, m'phulusa, pamwamba pa mtanda wa denga. Koma kwa Aleck sindipereka. Atate anga sananditumizire pa thiraki. Anandithirira pachikhatho, tonse awiri titaima m'matope a nazale, n'kundiuza kuti ndisayetsemule. Nawenso udzalandira choncho.

Nazale ndimafesa sabata yachitatu ya Sepitembala. Mabedi ndikonza awiri, lina la matumbo, lina la malaya oti tidzawokere pansi pa mango. Bwera, mwana wanga. Pempha tchuthi kwa mabwana ako, uwauze kuti a Cuba akukuitana. Ukachedwa ndi sabata ndidikira. Chibadwire sindinachedwetsepo nazale chifukwa cha munthu, ngakhale tsiku la ukwati wanga ndinayamba ndathirira, koma chaka chino fodya adikira.

Ubwere ndi thabwa lako ndi kampeni kako kodulira masamba. Ine ndidzakuonetsa za pamwamba pa balani, zimene wakuba sanafikire. Iwe udzandionetse m'mene tsamba lonenepa limagonekedwera pakati. Ndidzakhala pansi, ndidzamvera, ndipo sindidzakudula mawu kupitirira kawiri.

Chinangwa changa chija ndachimanga luzi, ndachiika m'kabokosi kako komwe kaja, chikubwera ndi kalatayi. Uchiike giredi. Usandimvere chisoni, ine sindinakumvere.

Za kupita kwa a Abudu kuti akandiwerengere ndasintha maganizo. Zimene Kamwendo wamva zakwana, izi zinazi ndi za m'nyumba muno. Ngati amayi ako adumpha mawu, ndiye kuti adumpha. Koma ndikuwaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ndiye ndikukhulupirira kuti alemba zonse.

Undiperekere moni kwa a Greyson. Alinafe umuuze kuti mwana mmodzi wa mbuzi yamawanga ndi wake, adzamutche dzina yekha akadzabwera. Achimwene ako ku Lilongwe ali bwino, anaimba sabata yatha. A Abudu akupereka moni. A Elias akuti ndikuuze kuti iwo anadziwa kuyambira pachiyambi, amangondiyesa.

Mulungu akusunge pa ntchito yako, asunge manja akowo, ndipo akutsegulire msewu wobwerera kuno.

Dzina andilembera amayi ako, koma chidindo chili pansipa ndi changa. Inki ndakana. Ndapaka chala mafuta a tsamba la pamwamba pa balani. Ununkhize, udziwa kuti ndine.

Ndine bambo ako,
Kefasi Likhutcha